Mitima Yofiira pa Laputopu ya Adadi

1

Amayi anga anafika kunyumba kwanga atanyamula sutikesi ya buluu, ija imatsika pamwamba pa kabati pokhapokha kukagwa maliro kutali.

"Wamwalira ndani?" ndinafunsa.

"Ukwati wanga," anatero Amayi, n'kundikankhira pambali ndi chigongono.

Anakhala pa sofa, anavula nsapato, n'kuyamba kudzipepeza ndi magazini yanga. Ndinawapatsa madzi. Anamwa onse, kenako anandiyang'ana m'maso.

"Bambo ako apeza kamtsikana."

Mundikhululukire, ndinaseka mpaka misozi. Adadi? Munthu amene chipumire ntchito ku kampani ya matelefoni amangokhalira kumata rimoti ya TV ndi tepi? Munthu woti mawu amawatulutsa ngati akuwagula? Ndinakula nawo nyumba imodzi, koma macheza athu anali "wadzuka bwanji" ndi "tseka geti."

"Seka, seka," anatero Amayi. "Anachotsa makatoni onse m'chipinda chosungira katundu, n'kuikamo tebulo. Anagula kalaputopu kakale. Akangomwa tiyi m'mawa amadzitsekera mmenemo mpaka madzulo. Ndipo amaseka."

"Amaseka?"

"Kuseka kwenikweni, mano onse panja! Ine anandisekera komaliza iwe uli kumsana. Lero atapita kubafa anaiwala kukhoma. Ndalowa. Mwana wanga, mitima yofiira ndandanda, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kalibe ndi manyazi, nkhope yake kanabisa, kanaika chithunzi cha kachilombo."

"Dzina lake ndani?"

"Dzina la wakuba amuna a eni sinditchula m'nyumba ya mwana wanga."

"Nanga munawafunsa?"

"Akuti ndi za kuntchito. Ntchito! Munthu anapuma kalekale, wotchi yotsanzikira anamupatsa ine ndikuona. Ntchito yanji yolipira ndi mitima?"

Kuseka kunandithera. Makolo anga akhala limodzi kuyambira ndisanabadwe, ndipo sutikesi ya buluu inali isanatsikepo chifukwa cha mkangano.

2

Kuti mumvetse mmene ndinapusira, ndikuuzeni kaye za kuntchito kwanga.

Kampani yathu inapanga apu ya pafoni yoitanira galimoto yonyamula katundu. Pamene ndinkalowa, tonse tinkakwana pa tebulo limodzi m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya matayala. Kenako apu inatchuka, ndipo zinthu zinayamba kuthamanga ngati zaba. Lolemba lililonse kumabwera nkhope zatsopano. Ukapita kukatenga tiyi, pobwera umapeza pampando pako pakhala munthu, n'kumakufunsa mwaulemu ngati ndiwe watsopano. Tinasamuka, tinasamukanso, dzina la kampani nalo linasintha. Amayi anatopa n'kundifunsa kumene ndimagwira, ankangouza anzawo kuti "ali ku zamakompyuta."

Mwini kampani ndi mnyamata wosakhazikika, woyankhula akuyenda, ndipo dzina lake la kuntchito ndi Gologolo. Lamulo lake loyamba ndi lakuti kuofesi kulibe mayina enieni, kulibe "bwana," kulibe "madamu." Aliyense amasankha dzina la nyama kapena chamoyo china, n'kuika kachithunzi kojambula. "Kuno timaona ntchito, osati nkhope kapena imvi," amatero. Dzina langa ndikuuzani nthawi yake ikakwana.

Lamulo lachiwiri ndi lokomera: munthu akakuthandiza, udine kabatani komuthokoza pa makina athu olemberana mameseji. Timadina kabatani kameneka osaganiza n'komwe, ngati kuphethira.

Lachitatu ndi loluma: wachibale sangayang'anire wachibale mnzake. Mtsogoleri wina anabisa kuti m'gulu lake muli mlamu wake. Zitadziwika, anamutsitsa udindo tsiku lomwelo. Amene amasunga lamuloli ndi Nungu, mayi woona za antchito, mnzanga wapamtima koma wa pakamwa pobaya ngati dzina lake.

Ine ndimatsogolera gulu loyesa apu. Ntchito yathu ndi kudina paliponse mpaka china chake chithyoke, anthu a kunja asanachithyole. Ambiri a m'gulu langa amagwirira kunyumba kwawo. Amalemba mayeso pa intaneti, akakhoza mapepala awo amapita kwa a Nungu, ine amangondipatsa dzina la nyama.

Ndi mmene ndinapezera Nkhono.

3

Dzinalo anadzisankhira moona mtima. Nkhono ankalemba pang'onopang'ono moti ukamufunsa funso unkatha kupita kukaphika tiyi n'kubwera timadontho tosonyeza kuti munthu akulemba tikuvinabe pa sikirini. Pa misonkhano ya pa intaneti kamera yake inali yakufa, maikolofoni yakufanso. Ndipo ngakhale ndinamuletsa kangati, ankanditcha "abwana."

"Iwe Nkhono, kuno kulibe abwana," ndinkalemba.

"Ndamva, abwana."

Poyamba ndinkafuna kumuchotsa. Koma anali wosatopa, ndipo malipoti ake ankandiseketsa. Tsiku lina analemba kuti: "Batani lobwerera m'mbuyo ndalisaka m'mawa wonse. Ngati munalibisa kuti akuba asalione, mwachita bwino." Ndinaseka mpaka Nungu anasuzumira pamwamba pa kompyuta yake.

"Nkhono uja eti? Iwe udzakwatiwa ndi chigoba."

"Choka apa. Mwina ndi agogo a munthu."

Nthawi ya nkhomaliro tinayamba kumacheza za kunja kwa ntchito. Pali chinachake chokoma pouza zakukhosi munthu wopanda nkhope. Ndinamuuza za chibwenzi changa chimene chinatha, za mantha anga kuti kampani ikukula kuposa nzeru zanga, ndiponso za Adadi.

"Bambo anga ndi khoma," ndinalemba tsiku lina. "Nditakwezedwa udindo ndinawauza, iwo anangoti 'chabwino,' n'kupitiriza kumata rimoti yawo."

Timadontho tinavina nthawi yaitali.

"Mwina atalowa kuchipinda anavina, abwana."

"Adadi kuvina? Nyumba ikhoza kugwa."

Ndiye m'mawa wotsatira kufika kwa sutikesi ya buluu, munthu woyamba kumuuza anali Nkhono.

"Bambo anga aja ali ndi chibwenzi. Amayi achoka pakhomo."

Timadontho tinabwera, tinazimiririka, tinabweranso.

"Mwawafunsa eni ake?"

"Ndiwafunse chiyani? Nkhalamba yopanda manyazi. Imvi mbuu, koma ikutumizirana mitima ndi ana."

Kenako Nkhono analemba:

"Amayi afika bwino? Mankhwala awo a miyendo anatenga?"

Ndinadabwa pang'ono, koma ndinaganiza kuti za miyendo ya Amayi ndinamuuzapo kale. Ndinali nditamuuza zambiri zoti sindikanatha kuzikumbukira zonse. Madzulo nditafunsa Amayi, zinapezeka kuti mankhwala anawaiwaladi. Ndinakawagulira ena, ndipo m'mawa ndinadina kabatani kothokoza Nkhono.

4

Loweruka ndinapita kwathu ndili wolusa. Ndinapeza Adadi pakhonde, malaya osasita, ndevu zosameta. M'sinki munali makapu okhaokha. Chipinda chosungira katundu chinali chokhoma.

"Wabwera," anatero.

"Adadi, ndi ndani mkaziyo?"

Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anawavalanso.

"Khala pansi, mwana wanga. Ndikufuna ndikufotokozere za ntchito ina imene ndakhala..."

"Ntchito yanji inu?" ndinawadula. "Pa laputopu? Foni yomwe mumachita kuitana mwana wa aneba kuti akuzimitsireni tochi yake ikayaka. Bodza limenelo kawauzeni ena. Ine zamakompyuta ndi ntchito yanga, inu simungazimve."

Ndinaona nkhope yawo ikutsekeka ngati chitseko. Sikanali koyamba kuwauza mawu amenewo. Nditangoyamba ntchito anandifunsapo kuti kwenikweni ndimachita chiyani tsiku lonse, ndipo ndinawayankha chimodzimodzi, maso ali pa foni.

"Chabwino," anatero. "Ndipatse mpaka Lachisanu. Lachisanu zonse zidziwika."

Nditafika kunyumba kwanga ndinafotokozera Amayi. Anaomba m'manja kamodzi.

"Lachisanu! Ndiye kuti akukakumana nako. Akukagwirizana zoti kalowe m'nyumba mwanga, kaziphikira m'mapoto anga."

"Amayi, musachite chilichonse."

"Ine? Ndichite chiyani ine, nkhalamba ya miyendo yowawa?"

Ndikanayenera kuchenjera pomwepo. Amayi anga akadzitcha nkhalamba, dziwani kuti zinthu zafika pa mwana wakana phala.

5

Lachisanu lomwelo kuntchito kunali phwando. Tinali titangolowa m'nyumba yatsopano yansanjika, ya magalasi okhaokha, ndipo Gologolo anaitana onse ogwirira kunyumba kuti abwere tidzaonane maso koyamba. Panali mabaluni, keke yaikulu ngati chitseko, ndi sikirini yodzaza khoma lonse. Aliyense anapachika pachifuwa kakhadi ka dzina lake la kuntchito. Kunali kukuwa kokhakokha. Amene tinkamudziwa kuti Mkango anapezeka kuti ndi kamtsikana koonda kamanyazi. Gulugufe anali chibambo cha ndevu.

Ine maso anali ku chikepe. Ndinali nditalembera akuluakulu kuti Nkhono amulembe ntchito yokhazikika, ndipo anali atapambananso mphoto ya munthu wothokozedwa kwambiri m'gulu langa. Wopereka mphotoyo ndinali ine.

"Mwamuna wako sanafike?" anandinong'oneza Nungu.

"Ndi nkhono, akubwera."

Gologolo anadumphira pa kabokosi, maikolofoni m'manja.

"Tsopano, amene wathokozedwa kuposa onse! Ambiri mwa mathokozowa achokera kwa mtsogoleri wake yemwe. Tiyeni tiwaone!"

Sikirini ya pakhoma inayaka. Apa ndiye ndiyenera kukuuzani chimene sindinakuuzeni: kabatani kathu kothokozera ukakadina, kwa mnzako kamafika ngati mtima wofiira. Khoma lonse linadzaza mitima, ikukwera m'mwamba ngati thovu.

"Nkhono! Uli kuti Nkhono?"

Chikepe chinatseguka. Munatuluka bambo wamtali wa imvi, atavala suti yotuwa imene ndinaizindikira ndisanaone nkhope, chifukwa ndi imene anavala tsiku limene ndinamaliza sukulu. Pachifuwa pawo panali kakhadi.

Mphoto inandipulumuka m'manja.

Anthu anayamba kuomba m'manja, ena kuimba malikhweru poona imvi. Adadi ankayenda pang'onopang'ono pakati pawo, maso ali pa ine. Asanafike, chitseko cha masitepe chinatseguka mwamphamvu. Anatulukira Amayi, thukuta kamukamu, ambulera m'manja. Anali atawatsatira pa takisi kuchokera kunyumba, ndipo chikepe chitawatsekera panja, anakwera masitepe onse ndi miyendo yowawa ija.

Anayang'ana khoma la mitima. Anayang'ana amuna awo. Anayang'ana keke.

"Ohoo! Mpaka keke! Ndiye ndi chinkhoswe?" Anakweza ambulera. "Njuchi ndi uti pano? Atuluke! Ndikuti Njuchi ndi uti?"

Kenako mitu yonse, umodzi umodzi, inatembenukira kwa ine.

Amayi anatsatira mitu ija. Anandiona. Anatsitsa maso pachifuwa panga, pamene panali kakhadi kokhala ndi kachilombo ka mizere yachikasu. Milomo yawo inayenda akuwerenga.

"Iwe ukutani kuno?"

"Ndimagwira kuno, Amayi."

Penapake kumbuyo, Nungu anakhala pansi n'kudziphimba kumaso ndi mbale ya pepala. Mapewa ake ankagwedezeka.

6

Tinalowa atatu m'kachipinda ka misonkhano. Makoma ake ndi agalasi, choncho kampani yonse inkanamizira kudya keke uku ikutionera.

Amayi anakhala pansi, ambulera pamiyendo.

"Bambo a mwana, yambani. Ndipo muyambire pachiyambi."

Adadi anayang'ana manja awo.

"Ndinafunsa mwanayu kuti amagwira ntchito yanji. Anati sindingazimve. Zinandiwawa, koma ndinaona kuti akunena zoona. Ndiye ndinati ndiphunzire pang'ono, kuti tsiku lina akadzabwera tidzakhale ndi chokamba. Ndinaona pa intaneti kuti kampani yake ikufuna anthu oyesa apu. Mayeso oyamba ndinalephera. Achiwirinso. Kenako anatopa nane."

"Munkadziwa kuti Njuchi ndine?" ndinafunsa.

"Msonkhano woyamba womwe. Mawu a mwana wanga ndingawasokoneze? Ndi tsiku limene maikolofoni yanga inafa."

"Nanga osanena bwanji?" anakalipa Amayi. "Ine mpaka kunyamula sutikesi!"

"Ndinakuuzani kuti ndi za kuntchito, munandiponyera supuni. Ndikanatchula mwanayu, mukanamuimbira nthawi yomweyo, ndipo kuno kuli lamulo la achibale. Ndinaopa kumuchotsetsa udindo. Ndinati ndibwere ndekha lero, ndiwauze akuluakulu kuti iye sankadziwa kanthu, ndisiye ntchito, nkhani ithe." Anandiyang'ana. "Koma chifukwa chachikulu si chimenecho."

Anavulanso magalasi.

"Mwanayu kwa bambo ake amangoti 'ndili bwino.' Kwa Nkhono amanena zonse. Ndinadziwa kuti mnyamata uja anamusiya, ndinadziwa pamene ankaopa ntchito. Masana aliwonse ndinkadikira nthawi ya nkhomaliro ngati mwana wa sukulu. Ndinkadziwa kuti ndikuba, kumva zimene sanafune kuuza ine. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndiulula. Koma ndinkaopa kuti Nkhono akafa, ndibwerera kukhala khoma."

Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Mlomo wanga wonse ndinaupeza pa tebulo limenelo: khoma, nkhalamba yopanda manyazi, imvi mbuu. Zonse anaziwerenga okha, n'kundiyankha kuti "abwana." Ndinakwiya kuti anandinamiza, ndinachita manyazi ofuna kulowa pansi, ndipo ndinalira ngati kamwana, zonse nthawi imodzi.

"Tsiku lija ndinakwezedwa udindo," ndinatero ndikufwenthera, "munavinadi?"

"Anavina," anayankha Amayi msanga. "Anathyola ndi mwendo wa tebulo la kuchipinda. Anandiletsa kukuuza."

Anatulutsa kansalu m'chikwama n'kundiponyera. Kenako anatembenukira kwa amuna awo.

"Inu musaganize kuti zatha. Mwezi ndi mwezi mukusekera m'chipinda cha makatoni, ine ndili ndekha kukhitchini ngati wolondera. Mwana munamupeza, chabwino. Nanga ine mundipeza liti?"

Adadi anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna pamene angalembe.

"Ndinakusowani," anatero potsiriza. "Nyumba ija popanda inu ndi mosungira katundu chabe."

"Hmm," anatero Amayi. Koma ambulera anaitsamiritsa kukhoma.

Nungu anagogoda pagalasi n'kulowa, maso ofiira ndi kuseka. Anati mapepala a Adadi anadutsadi mu ofesi yake, koma sabata imeneyo analemba anthu ochuluka moti ngakhale amayi ake omubereka akanadutsa osawazindikira. Kampani yonse inaona nkhope yanga chikepe chitatseguka, choncho panalibe wokayika kuti sindinkadziwa. Udindo wanga unatsala. Zoti Nkhono asiye ntchito Gologolo anakaniratu. Anangomusamutsira ku gulu lina, n'kupempha Amayi kuti adule keke.

Anadula, ndipo chidutswa chachikulu anadziikira okha.

7

Sutikesi ya buluu inabwerera pamwamba pa kabati madzulo omwewo. Chipinda cha makatoni tsopano sichikhomedwa, ndipo muli mpando wachiwiri. Amayi amakhalapo ndi zoluka zawo, kuyang'anira mitima imene ikufika ndi kufunsa kuti Gulugufe ameneyu ndi mwana wa ndani.

Kuntchito ndine nthabwala mpaka lero. Ndikangoyandikira makina a tiyi, wina amakuwa kuti, "Njuchi ndi uti pano?" Ndinazolowera. Atsopano amaimva nkhaniyi tsiku lawo loyamba, asanapatsidwe ndi laputopu yomwe.

Inu amene mukuwerenga, mwina muli ndi khoma lanu kunyumba. Mwina linakufunsanipo kuti mumachita chiyani tsiku lonse pa kompyutapo, inu n'kuyankha muli pa foni. Sindikuuzani kuti mulikumbatire, anthu ena sitinaleredwe choncho. Ndikungoti funso limenelo likadzabweranso, kokani mpando. Ine ndinkauza zakukhosi munthu wopanda nkhope chifukwa ndinkaganiza kuti wa nkhope sangamve, pamene anali munthu mmodzi yemweyo.

Musaganize kuti Adadi anasanduka wolongolola. Lamlungu lapitali tinakhala pakhonde awiri, ine mbali iyi, iwo mbali iyo, rimoti ili pamiyendo. Tinakamba za mvula, mvula inatha. Tinakamba za geti, geti linatha.

Kenako ndinawaona akutulutsa foni. Anayamba kudina ndi chala chimodzi, lilime lili pakona pa mlomo. Ndinadikira. Ndikanatha kukaphika tiyi n'kubwera. Foni yanga inanjenjemera m'thumba.

"Sabata yayenda bwanji, abwana?"

Sindinalembe. Ndinaika foni pansi, ndinakokera mpando wanga pafupi ndi wawo, n'kuyamba kuwauza.